Nyimbo ikati "udzaona", ikunena ndani?

Mukadzakwera minibasi ya ku Ndirande kapena ya ku Kawale, dalaivala n'kuika nyimbo yonena kuti woipa adzakolola zomwe wafesa, mudzayang'ane nkhope za anthu. Mayi wa dengu la tomato akugwedeza mutu, bambo wa tayi akuimba nawo chapansipansi, kondakitala naye akugogoda chitseko ndi zala motsatira ng'oma. Onsewo avomereza kuti nyimboyo ikunena zoona. Koma aliyense m'mutu mwake muli nkhope ya munthu wina. Mayi uja akuona mlamu wake amene adamulanda munda, bambo uja akuona bwana wa kuntchito, kondakitala akuona bambo wa tayi yemweyo amene wapereka ndalama yoperewera. Palibe amene akuona nkhope yake.

Ine nyimbo za chiweruzo ndimazikonda kwambiri, n'chifukwa chake zimandiwawa kuona momwe timazimvera. Timathamangira kufunsa kuti "akunena ndani?", ndipo tikangopeza dzina, basi tamaliza. Nyimbo ija taisandutsa mwala wogendera mnzathu.

Funsolo palokha silolakwika, ndipo lili ndi kwawo. Lidabadwira pamtondo. Kumudzi mkazi sankatha kuima pamaso pa apongozi, pa mwamuna woledzera kapena pa mkazi mnzake wa pamitala n'kunena zonse za kukhosi. Koma akagwira munsi, chimanga chili mumtondo, mawu aja ankatuluka m'nyimbo ndipo mudzi wonse unkamva. Ankaimbidwa ndi mkamwini waulesi amene sagwira khasu, tchona amene adapita ku Joni kapena ku Halale osatumiza ngakhale kalata, mnansi wamiseche. Dzina silinkatchulidwa. Ankangoti "ena", "wina", "a uje". Woimbidwayo akapsa mtima n'kupita kukadandaula, yankho linali lokonzeka: "Kodi ndakutchulani?" Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Hugh Tracey, amene adayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 kujambula nyimbo za m'midzi, adajambulako nyimbo za pamtondo zotere. Akatswiri a mbiri Leroy Vail ndi Landeg White adafufuza za m'chigwa cha Zambezi ku Mozambique, komwe anthu ogwira ntchito m'minda ya nzimbe ya Sena Sugar Estates adakhala akuimba nyimbo yodandaula za kapitawo wankhanza wotchedwa Paiva kwa zaka makumi angapo, mwini dzinalo atamwalira kale. Iwo adaonetsa kuti m'chigawo chino cha Africa nyimbo inali ndi chilolezo chonena zomwe pakamwa wamba sipangayerekeze.

Zigayo zidalanda ntchito ya mtondo, koma mwambowo sudafe. Udasamukira pa wayilesi, ndipo lero uli pa WhatsApp, pomwe munthu amaika kachidutswa ka nyimbo kuti "wina wake" aone. Tonse timadziwa.

Choncho khutu lathu lidaphunzitsidwa kusaka dzina lobisika. Ngakhale boma lidali ndi khutu lomwelo. Lamulo loona za mabuku, mafilimu ndi zisangalalo lidakhazikitsidwa mu 1968, ndipo m'nthawi ya Kamuzu Banda nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia idaletsedwa muno chifukwa dzinalo linali lofanana ndi la Mama Cecilia Kadzamira. Oimbawo ankaimba zawo ku America, koma kuno dzina lokha lidakwanira. Apa ndi pomwe funso la "akunena ndani?" limathera likakhala lokhalokha. Limapeza munthu ngakhale pomwe palibe, ndipo silimva china chilichonse.

Chinanso choyenera kumvetsera chili m'kati mwa mneni. Chichewa chimatha kusintha mtima wonse wa chiganizo ndi kamphatikiro kamodzi. Taonani mizere iyi, yomwe ndapeka ndekha kuti tionerepo. Wina aimbe kuti "wadya za amasiye, udzaona". Wina ati "wadya za amasiye, uone". Wina ati "leka kudya za amasiye, ungaone". Wina ati "unkadya za amasiye, waona". Mlandu ndi umodzi, mneni ndi mmodzi, koma oimbawo ndi anthu anayi osiyana. Wa "udzaona" akulankhula ngati mneneri, akunena zomwe akukhulupirira kuti zikubwera, kaya iye azifune kaya asazifune. Wa "uone" akutemberera, chilangocho akuchiitana yekha. Wa "ungaone" akuchenjeza, ndipo munthu sachenjeza amene wamutaya kale, paja wakutsina khutu ndi mnansi. Wa "waona" akuvina pamanda a mnzake. Kawirikawiri timazimva zonsezi ngati nyimbo imodzi ya "Mulungu adzalanga". Ine ndikamva nyimbo yatsopano ya mtundu uwu, ndimayamba ndamvetsera kamphatikiro kameneka ndisanafunse china chilichonse, chifukwa ndi komwe kamandiuza ngati woimbayo akulira, akuopseza kapena akusekerera.

Nkhani ya "iwe" ndi "inu" nayo ndi yaikulu. Kwa ife munthu wamkulu, mfumu, m'busa kapena nduna satchulidwa "iwe". Ndiye nyimbo ikamutchula wolemekezeka kuti "iwe", chilango chayamba kale mawu a chilango asanafike. Amuvula chilemba, amutsitsa pampando, amuimika pabwalo ngati mwana. Woimba amene akusunga "inu" pomwe akudzudzula ndiye kuti sanatseke chitseko, akunenabe ndi munthu amene mawa angakhale naye pamphasa imodzi. Koma musafulumire, chifukwa pali "iwe" wina amene sali kunja konse. Alembi a Masalimo amalankhula ndi moyo wawo womwe, monga mu Salimo 42 pomwe munthu akufunsa moyo wake chifukwa chomwe wawerama. Oimba athu nawo amatero: "iwe mtima wanga". Nyimbo zina zomwe timaziyesa zolasa mdani ndi za munthu amene wakhala yekha usiku akudzizazira. Chizindikiro chake n'chakuti woimbayo amadziwa zambiri zoti mdani sangadziwe: zomwe wolakwayo amaganiza akadzuka pakati pa usiku, bodza lomwe amadziuza kuti agone. Zoterezo amadziwa ndi mwini.

Tsono woweruza ndi ndani? Apa ndi pomwe ndimafuna tikhalitse, chifukwa m'nyimbo zathu muli mabwalo awiri omwe adalowana, ndipo oimba ambiri amadumpha kuchoka pa lina kupita pa linzake mu vesi imodzi.

Bwalo loyamba ndi la makolo. Kumeneko mlandu unkaweruzidwa pansi pano. Wolakwa ankaitanidwa kwa ankhoswe, kwa nyakwawa, kwa amfumu, ndipo akapezeka wolakwa ankapereka nkhuku kapena mbuzi, anthu n'kudyera limodzi. Cholinga chinali kulumikiza zomwe zaduka. Zomwe anthu sanazione, mizimu ya makolo inkaziona, ndipo inkakumbutsa ndi matenda, maloto kapena chilala. Miyambi yathu ya chilango yonse imayang'ana moyo uno: choipa chitsata mwini, mlandu suola, chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe. Bwalo lachiwiri lidabwera ndi amishoni, a Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre mu 1876, a Dutch ku Mvera mu 1889, a Katolika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902. Buku Lopatulika litatuluka lathunthu mu 1922, chinenero chathu chidalandira zithunzi zatsopano: lipenga lomaliza, mabuku otsegulidwa, nkhosa kudzanja lamanja ndi mbuzi kulamanzere monga mu Mateyu 25, nyanja ya moto. Ngakhale mawu oti "dzanja lalemba", omwe lero amanenedwa ndi pampira pomwe, adachokera mu Danieli 5, pa phwando la mfumu Belisazara, imene idayesedwa pa sikelo n'kupezeka yoperewera.

Kusiyana kwa mabwalo awiriwa si kwa mawu okha. Pa bwalo loyamba wolakwa akhoza kupepesa, ndipo wolakwiridwa amalandira kanthu m'manja mwake. Pa lachiwiri chigamulo n'chomaliza, ndipo palibe mbuzi yobwerera kwa mayi wolandidwa munda. Ndiye woimba akati "tidzakumana kumwamba", dzifunseni chifukwa chomwe wadumphira bwalo lapansi. Nthawi zambiri yankho n'lakuti adaliyesa ndipo lidamukhumudwitsa: amfumu adalandira chiphuphu, fayilo idasowa, wolakwayo ali ndi abale m'maofesi. Nyimbo yooneka ngati ya uzimu yokhayokha imakhala ikuneneza makhoti athu mwakachetechete. Munthu amachita apilo kumwamba pamene pansi pamukanika.

Pali mbali ina ya bwalo la makolo yomwe imandivuta, ndipo sindifuna kuibisa. Pa chikhulupiriro cha mdulo kapena tsempho, wolakwa ndi wina, wodwala ndi wina. Kholo likaphwanya mwambo, amene amatupa ndi kutsokomola ndi mwana. Maganizo amenewa ali m'nyimbo zomwe zimati "ana ako adzalira chifukwa cha iwe". Muli choonadi m'menemo, chifukwa uchidakwa wa bambo amaulipira ndi ana, ndipo mankhwala akabedwa m'chipatala amafa ndi munthu amene sadabe. Koma ganizo lomwelo likatembenuzidwa limasanduka nkhanza: taona munthu akuvutika, ndiye kuti pali chomwe adachita. Edzi itapezeka m'dziko muno mu 1985, zaka zotsatira zidadzaza ndi maulaliki ndi nyimbo zonena kuti matendawa ndi chilango. Amayi okhulupirika ndi makanda adamwalira atasenza manyazi omwe sanali awo. Buku la Yobu lonse ndi mkangano wotsutsa kawerengedwe kameneka, ndipo mu Yohane 9 Yesu adakana pomwe ophunzira ake adafunsa ngati munthu wobadwa wosaona adachimwa ndi iye kapena makolo ake. Nyimbo ikayamba ndi tchimo n'kuchenjeza za zotsatira, ndimaimvera. Ikayamba ndi tsoka la munthu n'kumupekera tchimo, ndimaikana, ngakhale kwaya yake iimbe mokoma bwanji.

Nanga nyimbo zofuna kubwezera poyera, zija za "uone"? Akhristu ambiri amachita nazo manyazi, koma m'Baibulo momwemo zilimo. Salimo 137 limayamba ndi akapolo atakhala m'mbali mwa mitsinje ya ku Babulo akulira, azeze awo atawapachika m'mitengo, Yerusalemu atawonongedwa cha m'ma 586 Yesu asanabadwe. Chiyambi chimenecho timachidziwa tonse. Mathero ake sawerengedwa kawirikawiri paguwa, chifukwa amadalitsa munthu amene adzaphwanye makanda a Babulo pathanthwe. Ndi mawu oopsa, ndipo sindikuwatsuka. Koma taonani amene akuimba. Alibe lupanga, alibe mfumu, alibe dziko, ndipo adaona ana awo akuchitidwa zomwezo. Chomwe chawatsalira ndi pakamwa. Chi Rasta cha ku Jamaica chidatenga dzina la Babulo kuchokera m'malemba omwewa n'kulipatsa ulamuliro uliwonse wopondereza, ndipo kudzera mu reggae lidafika mpaka ku Chileka. Evison Matafale, woimba reggae wa ku Chileka komweko, amene nyimbo zake zidadzaza ndi mawu a chiweruzo, adamwalira m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001 atamangidwa chifukwa cha kalata yodzudzula boma. Imfa imeneyo idasintha momwe anthu amamvera nyimbo zake mpaka lero. Mawu omwe akadamveka ngati ukali wa mnyamata adasanduka umboni.

Ndikuona kuti nyimbo yobwezera ya munthu wopanda mphamvu imagwira ntchito yomwe sitiyamikira. Imachotsa mpeni m'manja mwake n'kuupereka kwa Mulungu. Paulo pa Aroma 12:19 akuti musabwezere nokha, siyirani malo mkwiyo wa Mulungu. Akuluakulu athu ankadziwa kuti nkhonya yobwezera kuwawa, ndipo mayi amene waimba mkwiyo wake pamtondo mpaka chimanga kukonoka amabwerera kunyumba mtima utatsikako. Mnyamata amene akukuwa kuti Babulo adzapsa, usiku umenewo sanatenthe nyumba ya munthu.

Koma mawu omwewo akatuluka m'kamwa mwa wamphamvu amasanduka chinthu china. Nduna zitagalukira Kamuzu mu 1964, amayi a mbumba ankavina m'misonkhano akuimba nyimbo zotemberera Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume ndi anzawo monga zigawenga. Zinali nyimbo za chiweruzo ndi chilango, zokhala ndi ng'oma zathu zomwe, kaimbidwe kathu komwe. Kusiyana kunali kwakuti kumbuyo kwa woimbayo kunali apayoniya, a Youth League ndi ndende ya Mikuyu. "Adzaona" wa pamenepo sankadikira lipenga lomaliza, galimoto inkabwera usiku womwewo. N'chifukwa chake sikokwanira kuwerenga mawu papepala. Muyenera kufunsa kuti woimbayo waima pati, ndipo ali ndi chiyani m'manja. Chaka cha chisankho chilichonse funsoli limabweranso, zipani zikamatenga nyimbo za kutchalitchi n'kuikamo mayina a opikisana nawo.

Tsopano tibwerere mu minibasi muja, kwa nkhope yomwe palibe amaiona. Nkhani yomwe imandithandiza kwambiri ili pa 2 Samueli 12. Mfumu Davide idatenga Bateseba, mkazi wa Uriya, n'kukonza kuti Uriyayo aphedwe kunkhondo. Mneneri Natani sadalowe m'nyumba ya mfumu akuloza chala. Adachita zomwe mayi wa pamtondo amachita, adaphiphiritsa. Adasimba za munthu wolemera wa nkhosa ndi ng'ombe zambiri, amene atalandira mlendo adakalanda kamwana ka nkhosa kamodzi kokha ka munthu wosauka, komwe kankadya naye m'mbale imodzi ndi kugona pachifuwa pake. Davide adamvetsera ngati ife mu minibasi. Adapsa mtima, nagamula kuti munthuyo ayenera kufa ndi kubweza kanayi. Pamenepo Natani adamuuza kuti munthuyo ndi iye yemwe. Msampha wake unali woti mfumu iweruze kaye, chifukwa ikadadziwa kuti nkhaniyo ndi yake ikadayamba kudziteteza kuyambira mawu oyamba. Salimo 51, lomwe mutu wake umaligwirizanitsa ndi tsiku limeneli, lilibe mdani ngakhale mmodzi. Muli munthu yekha ndi tchimo lake lomwe akuti lili pamaso pake nthawi zonse.

Nyimbo za chiweruzo zomwe zimakhalitsa zimamangidwa chonchi. Zimakulolani kugwedeza mutu vesi yoyamba ndi yachiwiri, mukusangalala kuti "ena" apezeka, kenako pena pake "iwe" amasanduka "ife", kapena "ine". Nthawi zina ndi mzere umodzi wokha chakumapeto, pomwe ng'oma zatsika. Amene amadula kachidutswa ka masekondi makumi atatu kuti aike pa foni nthawi zonse amadula mzere umenewo usanafike.

Komabe si "ine" aliyense amene ali woona. Pali kudzichepetsa kwa pakhomo, komwe woimba amati "nanenso ndine wochimwa" kamodzi, ngati kugogoda, kenako mavesi anayi onse n'kukhala akuwerenga machimo a anzake. Muyeso wake ndi wosavuta. Onani pomwe pali tsatanetsatane. Ngati tchimo la mnzake lili ndi malo, tsiku ndi mtundu wa diresi, pomwe lake ndi "zolakwa zanga" chabe, ameneyo sanadziyang'ane. Mfarisi wa pa Luka 18 naye ankapemphera, ndipo ankatchula "ine" kambirimbiri. Palinso nyimbo za achinyamata zofala masiku ano zoti "wondiweruza ndi Mulungu yekha". Zina mwa izo ndi kulira kwenikweni kwa munthu amene mudzi udamusala, mtsikana amene adatenga mimba ali pasukulu, mnyamata wotuluka kundende amene palibe akumulemba ganyu. Zimenezo ndimazimvera ndi ulemu. Koma zina zimatchula Mulungu pofuna kuthawa ankhoswe. Woimbayo sakuopa bwalo lakumwamba, akungolikonda chifukwa lili kutali ndipo silimuitana Loweruka lino. Kuti musiyanitse, mvetserani ngati mu nyimbomo muli munthu amene iye adamulakwira, komanso ngati munthuyo wapatsidwa mpata wolankhula.

Kayimbidwe nako kamanena zake. Timadabwitsa alendo povina mokondwa nyimbo yonena za moto wosazima, ndipo ena amati sitimva zomwe tikuimba. Sindikuvomereza. Nyimbo zathu zambiri ndi za mtsogoleri ndi ovomera, ndipo chomwe chimachitika n'chakuti mtsogoleri amaponya mlandu, gulu lonse n'kuvomera. Wakuba ali momwemo, woberedwa ali momwemo, onse akuomba m'manja pa mawu amodzi. Palibe amene waimikidwa payekha, koma palibenso amene angati sanamve. Ndi njira yomwe anthu oti mawa adzakumananso pachitsime adapeza yonenera zowawa popanda kuswa mudzi.

Malo omwe zonsezi zimamveka bwino ndi pamaliro. Usiku wa kusiwa, amayi a Chigwirizano kapena a Mvano ali m'nyumba mozungulira bokosi, abambo ali panja pamoto, ndipo chakumam'bandakucha kwaya imayamba nyimbo zija za tsiku lomaliza, za buku lomwe lidzatsegulidwe, za nthawi yomwe ikutha. Apa funso la "akunena ndani?" limasowa pogwira. Womwalirayo sakumva, mlandu wake watuluka m'manja mwathu. Ndidakhalapo pa maliro ena pomwe abale awiri amene adakhala zaka osalankhulana chifukwa cha malire a munda adapezeka atakhala pa benchi imodzi, poti malo adachepa. Kwaya itafika pa vesi yofunsa kuti udzayankha chiyani, ndidaona wamkuluyo atasiya kuimba. Adakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana moto. Kenako adatenga kapu ya tiyi yomwe adamupatsa, n'kuipereka kwa mng'ono wake.